Foni Yodziphimba Inali Imodzi Yokha

Pa siteji ya pa Thyolo Boma, Tionge, yemwe anali kalaliki pa esiteti ya tiyi, anakhalira matilesi opinda, kudikira minibasi ya ku Limbe. Mayi wina wachikulire anayang'ana katundu wake n'kumuyandikira.

"Mukusamuka, achemwali?"

"Andichotsa ntchito, amayi. Ndinalemba pa intaneti za kapitawo amene amakakamiza atsikana kugona naye kuti awalembe ntchito yothyola tiyi."

"Munaikapo dzina lanu?"

"Ndingayerekeze? Mufoni ndinaikamo chotchinga zotsatsa malonda, ndi china chofufuta konse kumene ndadutsa. Ndimati ndabisala."

"Nanga anakudziwani bwanji?"

"Ndinalembera pa foni yanga, koma intaneti inali ya ku ofesi. Akuti foni imadziwika ngati mmene munthu amadziwikira ndi kayendedwe, ngakhale ataphimba nkhope. Ndiye pa esiteti yonse, foni yodziphimba inali imodzi yokha, yangayi."

"Koma kapitawoyo anamuchotsanso?"

"Iyeyo? Amukweza."

"Kodi ndi uja wa njinga yamoto yofiira?"

"Yemweyo. Mukumudziwa?"

"Mwana wanga wamkazi ndamusiya pageti la esitetiyo m'mawa uno, akufuna ntchito. Amuuza kuti akaonane naye yekha."