Anawaletsa Atathamanga Katatu

Ine, amene kudoko amangonditcha Aphunzitsi, wazaka 63, wokhala m'nyumba zosanja zoyang'anizana ndi doko, injiniya wopuma pantchito, ndikupereka umboni uwu pa mlandu wa mlamu wanga, kaputeni wa sitima yomwe inamira Loweruka lapitali. Ali m'chitokosi pomuganizira kuti anaphetsa anthu pokhotetsa sitima mosasamala.

Ndinaphunzitsa pasukulu ya ntchito zamanja kwa zaka zambiri. Kalasi iliyonse yatsopano ndinkayamba nayo ndi nkhani ya sitima ina yankhondo yakalekale, ya mfumu ya dziko lakutali. Sitimayo inali yolemera kumwamba chifukwa cha mizinga, koma yopepuka pansi. Isananyamuke, akuluakulu anauza gulu la amuna kuti lizithamangira uku ndi uku pamwamba pake, kuti aone ngati ili yokhazikika. Atathamanga katatu inapendekeka moopsa. Anawaletsa, ndipo nkhani inathera pomwepo chifukwa mfumu inali pachangu. Pa ulendo woyamba inamira anthu akuonerera padoko.

Manijala woyang'anira ntchito yomanga sitima yathuyi anali wophunzira wanga. Anthu amamutcha Changu. Sitimayi anaijambula yopanda nsanjika. Ntchito ili mkati, eni ake anafuna malo odyera pamwamba, amagalasi ndi denga lachitsulo. Malowo anamangidwa, koma tsiku lotsegulira silinasunthidwe.

Lachitatu m'mawa Changu anandiitana kuti ndikaonerere kuyesa sitima. Njira yake yoyenera ndi iyi: amaika migolo yodziwika kulemera kwake mbali imodzi, kenako ina, n'kumayeza kupendekeka ndi chingwe cholendewera. Migolo inalipo padoko, koma kireni yoikwezera inali kugeti, ikupachika chikwangwani cha mwambo wotsegulira.

Changu anaitana owotcherera pafupifupi makumi awiri. Anati kwa ine, "Aphunzitsi, si inu munatiuza za anthu othamanga? Lero muona kuti ndinkamva m'kalasi."

Mmodzi mwa owotcherera, wamtali, yemwe anzake amamutcha Nsungwi, anafunsa kuti, "Bwana, wopambana mpikisanowu alandira chiyani? Ine maondo ndi obwereka." Anzake anaseka. Changu anati onse adzakwera ulere Loweruka, ndi mabanja awo omwe.

Ndinamanga makiyi anga kuchingwe n'kuwalendewetsa pakati pa khomo la malo odyera. Owotcherera anayamba kuthamangira uku ndi uku pamwamba pa sitima. Kachitatu makiyi anagunda felemu ya chitseko, ndipo sitima inachedwa kubwerera. Nsungwi anagwira chitsulo cha m'mbali. Palibe anasekanso. Changu anaomba m'manja n'kunena kuti, "Basi, basi, mwatopa. Kubwerera kuntchito."

Ndinati, "Changu, ukukumbukira mmene nkhani ija inathera?" Iye anati, "Ija inali yamatabwa, Aphunzitsi. Iyi ndi yachitsulo." Ndinamuuza kuti achotse denga lija kapena athire simenti pansi pa sitima, ndipo ayesenso ndi migolo. Anayankha kuti simenti idzathiridwa mwambo ukadutsa. Mlamu wanga panalibe, anali kuchipatala ndi mkazi wake, yemwe ndi mchemwali wanga.

Lachinayi ndinaimbira foni eni sitima kawiri. Mlembi anati ali pamsonkhano wokonzekera mwambo. Masana ake ndinapita kwa mlamu wanga ndipo ndinamufotokozera zonse. Iye anati, "Alamu, ndikakana ine, mawa lomwe apeza wina. Bola ine ndimakhota ngati ndanyamula mazira." Anati adzaletsa anthu kukwera pamwamba. Mchemwali wanga analipo ndipo anamva.

Loweruka cha m'ma 10 koloko m'mawa ndinaima kumapeto kwa doko. Ndinaona mlamu wanga akumanga chingwe pamasitepe opita pamwamba. Atalowa m'chipinda choyendetsera, ndinaona Changu akuchimasula kuti alendo olemekezeka adutse. Ena onse anatsatira. Kunalibe mphepo ndipo madzi anali bata.

Sitima inanyamuka pang'onopang'ono. Itafika ngati mamita mazana atatu, boti la ojambula zithunzi linadutsa kumanzere kwake. Anthu apamwamba anathamangira mbali imeneyo kukabayibitsa. Phokoso la mapazi awo pansanjika ija linamveka mpaka pomwe ndinali. Sitima inapendekeka ndipo sinabwerere.

Panthawiyi mphuno ya sitima inali italunjikabe pamzati wofiira wa tsidya lina. Pokhotera ndi patsogolo pa mzati umenewo. Mlamu wanga anali asanayambe kukhota. Zithunzi za ojambula aja zikhoza kutsimikiza zimenezi.

Nsungwi anapezeka Lamlungu atamwalira, atavala jekete ndi tayi. Mkazi wake sanapezekebe. Changu ndinamuona kuchipinda chosungira mitembo ali ndi bandeji kumutu. Anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Aphunzitsi," koma sanapitirize.

Wapolisi wolemba umboniwu wandifunsa ngati ndili ndi chowonjezera. Ndili ndi chimodzi, ngakhale sindikudziwa ngati n'chofunika pamlandu. Pamwamba pa nyumba yanga pamakhala banja la ana atatu. Chichitikire ngoziyi ndakhala ndikumva mapazi akuthamanga kuchoka kukhoma lina kupita ku linzake, katatu, kenako zii. Dzulo ndinakwera kukapempha mayi awo kuti awaletse. Mayiwo anandiuza kuti ana anapita kutchuthi kwa azakhali awo sabata ziwiri zapitazo.

Ndi zomwe ndikudziwa pa nkhaniyi. Andiwerengera, ndipo ndavomereza kuti ndi mawu anga.

Siginecha ya mboni: ______________________