Pemphero Limene Ndinalidula Pakati

Awulutsi, ine ndine mayi wa m'munsi mwa phiri la Michesi ku Phalombe, ndipo ndimatsogolera mapemphero a amayi Lachinayi. Kwathu pemphero silidulidwa. Ngakhale mwana alire bwanji, umadikira Ameni.

Tsiku lina, mvula itagwa osalekeza kwa masiku angapo, tinali m'tchalitchi, ine ndikupemphera nditatsinzina. Mwadzidzidzi ndinamva fungo la dothi lofukulidwa kumene. Mutu unandiuza kuti ino ndi nyumba yanjerwa, nyumba ya Mulungu, palibe chothawa. Koma miyendo inali itanyamuka kale. Ndinatuluka pemphero lili pakati, n'kuthamangira kukamtunda ka kuseri kwa manda.

Anzanga anayesa kuti mizimu yandigwira. "Agwireni mayiwo, adzivulaza," anatero amayi aakulu a gulu lathu, ndipo onse anandithamangira. Atangondigwira chitenje pamtunda paja, phiri linabangula. Napolo anatsika ndi matope ndi miyala yaikulu ngati nkhokwe. Pamene panali tchalitchi sipanatsale ngakhale njerwa.

Ena amati inali mphuno chabe, ena amati Mzimu Woyera. Ine mpaka lero sindidziwa. Ndimangokumbukira kuti tinagwada pamvulapo, ndipo amayi aakulu aja anandigwira phewa n'kunena chapansipansi kuti, "Mayi, tsirizani pemphero lija."