Ndinatchetcha udzu pabwalo pomwe ndinkatera ndi ndege

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, nonse amene mumawerenga zimene ndimalemba pano. Ambiri mumandidziwa ngati woulutsa ndege, koma lero ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene ntchito inandithera, manyazi n'kundigwira mpaka ndinkaopa kuyang'ana kumwamba.

Ndinakulira ku Cuamba, bambo anga ankagwira ntchito ya njanji. Iwo ankafuna ndidzayendetse sitima, koma ine mtima unali pa ndege. Mulungu anandithandiza, ndinaphunzira, n'kulembedwa ntchito pa kampani ina yaing'ono. Sitinkagulitsa matikiti ayi. Tinkadalira kontratu, pangano limene bungwe lina la zaumoyo linatipatsa kuti tizinyamula mankhwala ndi anamwino kupita nawo kumadera ovuta kufikako. Limodzi mwa maderawo linali Ngauma, kwawo kwa mkazi wanga, komwe kuli kabwalo ka ndege ka dothi. Ndikatera kumeneko apongozi anga aamuna ankabwera atavala jekete, n'kumauza aliyense kuti uyo ndi mkamwini wathu. Sindibisa, zinkandikoma kwambiri.

Nthawi ya pangano itatha, makampani angapo anapikisana. Ina inabwera ndi ndege zatsopano komanso mtengo wotsika, basi inatilanda ntchito. Ndege zathu zinagulitsidwa, ife n'kutiuza kuti tikapume kunyumba. Ndinafunsira kumakampani akuluakulu, koma ankati ndazolowera tindege ting'onoting'ono. Choopsa chinali chakuti woulutsa ndege akakhala nthawi yaitali osauluka, chiphaso chake chimafa, ndipo kuchidzutsa pawekha popanda kampani, mmphawi sangakwanitse. Changa chinali chitatsala pang'ono kufa, ndipo ndinkadziwa kuti chikafa ndiye kuti kuuluka ndasiyana nako.

Moyo wa m'tauni utatikanika, tinakwera minibasi ija timati chapa kudzera ku Mandimba mpaka kwa apongozi. Kumeneko ndinkawathandiza kusoka fodya m'chigafa. Palibe ananditukwana, koma ulemu wawo womwewo ndi umene unkandipweteka. Munthu akandipatsa moni kuti "a Piloto", ndinkaona ngati akundiseka. Ndinasintha nambala ya foni kuti anzanga akale asamandifunse kumene ndili. Kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo, n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe. Pemphero langa linafupika mpaka linangotsala loti, Ambuye, ngati ntchito simundibwezera, ndibiseni anthu asandione.

Mvula itayamba kudula, abusa analengeza kuti ndege ya mankhwala ikubwera, choncho amuna onse tikatchetche pabwalo. Kumeneko ndi mmene amachitira. Ndege singatere udzu uli wautali, ndiye mipingo imasinthana kutchetcha, kugumula zulu ndi kuthamangitsa mbuzi. Ulendo uno inali nthawi ya mpingo wathu. Ine ndinayamba kudandaula msana, msana womwewo umene dzulo lake unali bwinobwino. Apongozi sanatsutse. Anangoyedzeka chikwakwa pakhomo panga n'kunena kuti, "Tiyeni bambo, mankhwala amenewo ndi a ana anu omwe."

Ndinapita mutu uli pansi. Ndinkatchetcha pamalo penipeni pomwe matayala a ndege yanga ankagunda, pakati pa anthu amene kale ankalimbirana kundinyamulira chikwama. Manja anatuluka matuza. Tisanamalize bwino tinamva mkokomo, ndege yabwera msanga. Tinathawira m'mbali, ine ndinatsitsa chipewa kumaso, maso anga ali kumunda wa chimanga kufuna pozembera. Inali ndege ya kampani ija inatilanda ntchito.

Amene anatsika anali Ameliya, mtsikana amene ankakhala pampando wothandizira pambali panga ku kampani yathu yakale, ndikumuphunzitsa kutera pa dothi. Tsopano ndiye anali woulutsa wamkulu wa ndegeyo, yunifomu yoyera mbee. M'malo mongoyang'anira katundu, anabwera kudzathokoza otchetcha, kugwira chanza mmodzimmodzi. Kuthawa kunakanika chifukwa apongozi anaima kumbuyo kwanga. Atafika pa ine anagwira dzanja langa lamatuza, anasuzumira kunsi kwa chipewa, n'kunditchula monga ankanditchulira kuntchito.

"A Komandante, ndinu?"

Abale, ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo. Buluku langa linali lazigamba, thukuta lili kamukamu, chikwakwa chili m'manja. Ndinangogwedeza mutu.

Sanandiseke, komanso sanandimvere chisoni chija chimene ndinkachiopa. Anandikokera pansi pa phiko n'kundifotokozera kuti kampani yawo inapambana makontratu ambiri kuposa anthu oulutsa, chifukwa ozolowera ntchito akumathawira kundege zikuluzikulu. Anati dzina langa analipereka kalekale kwa mabwana ake, ndipo mabwanawo anavomera kundikonzera chiphaso.

"Takhala tikukufunani, koma nambala yanu siikugwira," anatero. "Anatsala pang'ono kutenga munthu wina."

Mawu amenewo anandilasa. Ntchito inkandisaka, ine ndili kalikiliki kubisala. Ndinalira pomwepo pamaso pa mpingo wonse, ndipo apongozi anabwera kudzandilanda chikwakwa kuti ndingadziteme nacho. Sabata yotsatira ndinapita kukayezedwa thupi ndi kukayesedwa kuulutsa. Ndinakhoza, ndipo chiphaso chinakonzedwa chisanafe. Lero ndimagwira ntchito pansi pa Ameliya yemweyo, ndipo sindichita nazo manyazi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anakana pemphero langa loti andibise. Akanandimvera, bwenzi tsiku lija ndili chigonere m'nyumba ndi msana wanga wabodza uja, ndege n'kubwera n'kupita. Ndikuthokozanso apongozi anga, amene sanasinthe ulemu wawo pa ine ndili ndi yunifomu ngakhale ndili ndi zigamba.

Inu amene ntchito yakutherani, makamaka anzanga oulutsa ndege amene kampani yanu yaluza kontratu, musataye mtima ndipo musadzitsekere m'nyumba. Yankhani foni, pitani kumene abale akukuitanani, ngakhale kukhale kochititsa manyazi. Ine ndikapita kutchuthi ku Ngauma mpingo wathu uli ndi nthawi yotchetcha, chikwakwa ndimatenga ndekha, ndipo chipewa ndimachisiya kunyumba. Ambuye akudalitseni nonse.