Kabokosi ka Wayifayi M'thiranki ya Amayi

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, nonse amene mukuwerenga. Ndine mayi wa ku Hopley kuno ku Harare, ndimagulitsa tomato ndi masamba pamsewu. Umboni wanga ndi wa netiweki. Musaseke ayi, chifukwa netiweki yofooka inatsala pang'ono kupititsa amayi anga kumanda ndi mtima wosweka.

Makolo athu anachoka ku Malawi kalekale, n'kukalambira pa pulazi ya fodya. Atatichotsa pa pulaziyo tinakamanga kwina, kumenekonso anatigwetsera nyumba, mpaka tinagwera kuno. Kuthamangitsidwa konseko kunatisiyira khalidwe limodzi. Chilichonse chamtengo chimakhala m'thiranki yachitsulo kunsi kwa bedi, kuti tsiku lothawa ungonyamula.

Mlongo wanga Yohane, mzime wathu, anapita ku Joni zaka zija zinthu zinathina, magetsi akuzima tsiku lonse, buledi wogula pamzere. Analibe mapepala, ndiye akanati abwere sakanabwereranso ku ntchito imene inkatidyetsa tonse. Amayi atagwa ndi sitiroko, iye anatitumizira pa basi kabokosi ka wayifayi ndi kabatire ka sola, kuti azionana nawo pa vidiyo. Ine ndinakakulunga m'chitenje n'kukatsekera m'thiranki muja, waya ndinamudutsitsa pa bowo la dzimbiri. Akuba a kuno sachedwa, ndiye ndinkadziona ngati wochenjera.

Koma vidiyo osatheka. Yohane akaimba, foni inkangolira kamodzi n'kuduka. Mauthenga ankalowa mwa apo ndi apo, makamaka m'mawa ndikatsegula thiranki kuona ngati kabokosi kakuyaka. Sindinaganizepo kanthu. Netiweki yabwino inkapezeka pa chulu cha kufupi ndi mjigo, koma amayi sankatha ngakhale kudzitembenuza okha, ndipo anamwino anatiletsa kuwayendetsa pa wilibala.

Tsiku lina ndikuwasambitsa, amayi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wanga munamuika kale m'manda. Mukundibisira."

Ndinawatsegulira mawu amene Yohane anatumiza. Anatembenuza nkhope kukhoma. "Mawu ojambula ndi wakufa yemwe amalankhula. Ine ndikufuna ndimufunse, andiyankhe."

Kuyambira pamenepo anakana chakudya. Phala ankalithira pansi, mankhwala ankalavula. Azimayi a kumpingo anabwera kudzalumbira kuti Yohane ali moyo, koma amayi anati tonse tapangana. Ndinasintha simu khadi, ndinayenda ndi foni ngodya zonse za nyumba mkono uli m'mwamba, mpaka ndinamulembera Yohane mawu owawa akuti anatigulira chinthu chabodza. Abale, ndinatopa. Kuona mayi ako akufota, akulira maliro a mwana wamoyo, iweyo akukutenga ngati wabodza, zimapweteka kuposa njala. Pemphero langa linatha ulemu. Ndinkangoti, Ambuye, ngati mukuwatenga atengeni, koma asapite akundiyesa wonama.

Yankho linabwera ndi mvula, ndipo ine ndinaliyesa tsoka lina. Masana ena kunagwa chimvula, madzi amatope n'kulowera pansi pa chitseko. Kuno ngalande kulibe, madzi amayenda m'nyumba za anthu. Ndinakoka thiranki ija, yayamba kale kumwa madzi. Ndinatulutsa kabokosi, chitenje chonyowa n'kutaya uko, ndipo posowa pouma ndinakakoleka pa msomali pamwamba pa zenera. Kenako ndinakhala pa bedi la amayi, mapazi ali m'madzi, n'kuyamba kulira.

Foni inayamba kunjenjemera m'thumba osalekeza. Mauthenga amene anatsakamira masiku onsewo ankalowa motsatizana. Ndisanawerenge ndi umodzi womwe, inalira. Ndinadina, ndipo nkhope ya Yohane inaoneka bwinobwino, atavala ovolosi yakuntchito.

Ndinaika foni pamaso pa amayi. Anaiyang'ana nthawi yaitali osaphethira.

"Ngati ndiwedi, tembenuka ndione khutu," anatero.

Yohane anatembenuka, n'kuonetsa chipsera cha waya wa pa pulazi chimene anachipeza ali mwana. Ankalira ngati khanda.

"Waonda bwanji chonchi? Kodi kumeneko sadya?"

Atatha kumukalipira anandigwira dzanja ndi mkono wawo wabwino uja, n'kundiuza kuti ndiwaphikire phala.

Pambuyo pake Mai Rudo, oyandikana nafe, anandiuza kuti chitsulo chimatsekereza netiweki, kabokosi kotere kamafuna pamwamba ndi poyera. Ndinachita manyazi, komanso ndinamva chisoni. Mantha a kuthawa anatilowa mpaka tinatsekera m'thiranki mawu a mwana wathu.

Sindikunamizani kuti amayi anachira. Anakhala nafe masabata ochepa chabe, koma tsiku lililonse ankacheza ndi mzime wawo. Tsiku lomaliza Yohane anawaimbira nyimbo ya kumpingo pa foni mpaka anagona. Maliro a amayi Yohane anaonera pa foni yomweyo, ndipo mpaka lero manda sanawaone.

Komabe ndikuthokoza Mulungu amene anatuma madzi amatope kudzachita zimene nzeru zanga zinalephera. Inu amene mwapemphera mpaka mawu kutha, musaleke, ngakhale chimene chalowa pakhomo panu lero chikuoneka ngati vuto lina. Ine ndinapempha chinthu chimodzi chokha ndipo ndinalandira. Amayi anapita akudziwa kuti mwana wawo ali moyo, ndi kuti ine sindinawanamize. Ameni.