Laputopu Yomwe Inagonetsa Wogulitsa M'chitokosi

Ine, amene anthu amanditcha Mayi Singano, wa zaka 47, wokhala m'mudzi wa kuseri kwa msika waukulu, telala wosoka mayunifomu a ana asukulu, ndikupereka umboni uwu popanda wondikakamiza.

Loweruka pa 3 Febuluwale, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndinapita ndi mwana wanga wamkazi ku sitolo ya makompyuta yoyang'anizana ndi depoti ya mabasi. Mwanayu ali m'chaka chomaliza cha maphunziro a unamwino, ndipo aphunzitsi ake anati ntchito yonse azilemba pa laputopu. M'sitolomo tinapezamo mayi wogulitsa amene makasitomala amangomutcha Sisi. Anatisonyeza malaputopu atatu, mwana wanga n'kusankha yakuda. Ndinafunsa ngati inali yatsopano. Sisi anati bwana wake anamuuza kuti ndi yatsopano. Ndinalipira zonse pomwepo. Anandipatsa risiti ndi pepala la waranti, lolonjeza kuti ikawonongeka miyezi isanu ndi umodzi isanathe adzaikonza kapena kundipatsa ina. Anati, "Mayi, mapepala awa muwasunge ngati khadi la kusikelo." Ndinakawaika m'kabati ya makina anga osokera.

Pa 21 Febuluwale laputopuyo inayamba kutentha ngati simbi, n'kumazima yokha pakangopita mphindi makumi awiri. Pa 24 inakaniratu kuyaka. Mkati mwake munali lipoti la mwana wanga la masamba makumi anayi, loyenera kuperekedwa kusukulu pa 15 Malichi.

Ndinapita nayo kwa mkulu wokonza mawailesi ndi mafoni, amene shopu yake ili pa mtunda wa mamita makumi asanu kuchokera pomwe ndimasokera. Anaitembenuza koma sanaitsegule. Anati, "Ndikaimasula ine, waranti yanu yafera pomwepo. Bwererani kumene munagula. Koma taonani timisomali iti, tadyeka mitu. Iyi inatsegulidwapo kale, ndipo si kamodzi."

Lolemba pa 26 Febuluwale, 9 koloko m'mawa, ndinabwerera ku sitolo ija ndi mwana wanga. Tinapeza bwana mwini sitolo atakhala kuseri kwa kauntala. Ndinaika laputopu ndi mapepala patsogolo pake. Sanawagwire. Analoza chikwangwani cha pakhoma nati, "Katundu akatuluka pakhomo ili sabwerera. Mwana wanuyu waithira tiyi." Mwana wanga anayankha kuti kuchipinda kwake kusukulu kulibe ngakhale ketulo. Bwanayo anati tituluke, tikuthamangitsa makasitomala. Tili pakhonde, Sisi anatuluka ndi tsache ngati akusesa. Mosatiyang'ana anati, "Pitani ku ofesi yoona za ufulu wa ogula. Ili pamwamba pa positi ofesi. Mutenge mapepala onse."

Tinapita tsiku lomwelo. Bambo amene tinamupeza kumeneko anawerenga risiti ndi waranti kawiri. Anatiuza kuti chikwangwani cha pakhoma sichiposa lamulo, ndipo wogulitsa katundu wowonongeka ayenera kumukonza, kumusintha, kapena kubweza ndalama. Anatilembera kalata yodinda chidindo yopita kwa mwini sitolo.

Lachisanu pa 1 Malichi, 2 koloko masana, tinapereka kalatayo ku sitolo. Bwana kunalibe. Sisi anaiwerenga, n'kumuimbira foni. Ndinapempha kuti nanenso ndimve, ndiye anaika foniyo pa kauntala mawu akumveka mokweza. Anamuwerengera kalata yonse. Bwanayo anati, "Mpatseni ina achoke, wandisokosa mokwanira mayi ameneyo." Sisi anafunsa kuti, "Bwana, ndiwapatse ya m'katoni ija?" Iye anati, "Ndanena kale. Mpatseni." Kenako anadula foni. Mawu amenewa ndinawamva ndi makutu anga, ndili chiimire pa mtunda wosakwana mita imodzi. Mwana wanga anawamvanso.

Sisi anatsitsa katoni pa shelefu yapamwamba, anaing'amba pomata ife tikuona, n'kutulutsa laputopu yotuwa. Kuseri kwa risiti yanga analemba nambala ya laputopu yakale ndi ya yatsopano, tsiku ndi nthawi, n'kusaina. Zomwezo anazilemba m'buku la sitolo. Mwana wanga atatchula za lipoti lake, Sisi anatenga laputopu yakale ija, anaiimika kutsogolo kwa fani, n'kumadina batani mobwerezabwereza. Kachisanu ndi chiwiri inayaka. Anakopera lipotilo mofulumira n'kuliika mu laputopu yatsopanoyo, ndipo atangomaliza yakale ija inazimanso. Chakudya chake chamasana chinali pambali chosatsegula. Tinatuluka 3 koloko itadutsa. Sindinamupatse Sisi ndalama kapena chinthu china chilichonse, ndipo iye sanapemphe kanthu.

Lero Lachitatu pa 6 Malichi, 8 koloko m'mawa, ndinadzera ku sitoloko ndi tepi yanga yoyezera, kuti ndimuyeze Sisi ndikamusokere diresi. Pa kauntala ndinapeza munthu wina. Mlonda wa pakhomo anandiuza kuti apolisi anamutenga Sisi dzulo masana, chifukwa bwana wadandaula kuti waba laputopu yatsopano n'kuigulitsa mwamseri. Anatinso tsamba lina la m'buku la sitolo lang'ambidwa. Za tsambalo sindinazione ndekha, ndangomva kwa mlondayo.

Ndinakwera basi kupita kusukulu ya mwana wanga, mtunda wa makilomita asanu ndi awiri. Ndinamutulutsa m'kalasi, tinatenga laputopu ndi katoni yake, tinadzera kunyumba kutenga mapepala, n'kufika pano papolisi nthawi ili hafu pasiti teni. Ndapereka kwa wapolisi amene akulemba umboniwu laputopu yotuwa, chaja, katoni, risiti yolembedwa kuseri, pepala la waranti ndi kope la kalata ya ku ofesi ija. Laputopu imene akuti inabedwa ndi imeneyi. Sinatuluke mwamseri. Inatulukira pakhomo lakumaso, masana dzuwa likuswa mtengo, mwini wake atalamula. Ngati lamulo likufuna kuti itsale pano, itsale. Mwana wanga wanena kuti lipotilo alemba ndi cholembera. Ali panja pa benchi, akudikira kupereka umboni wake. Ndine wokonzeka kukanena zomwezi kukhoti, mwini sitoloyo ali pomwepo.

Tisanayambe kulemba, wapolisi wamkazi anandilola kuona Sisi kwa mphindi ziwiri. Ndinamupeza atakhala pansi pakona ya chitokosi, wopanda nsapato, atavala malaya omwe amavala kuntchito. Atandiona anaimirira n'kubwera pa chitseko. Ndisanayankhule anandifunsa kuti, "Mayi, ikugwira ntchito?" Ndinati ikugwira. Iye anati, "Basi. Mwanayo amalize sukulu."

Zomwe ndikudziwa n'zimenezi. Andiwerengera zonse, ndipo zalembedwa monga ndanenera.

Wopereka umboni: ____________________

Wolemba umboni: ____________________