Umboni Woti Ndinabadwa Ndinaupeza ku Twapia

Kale, ana inu, tisanayambe kuyenda ndi mafoni m'matumba, munthu ankabadwa popanda pepala lililonse, ndipo palibe ankakayika kuti wabadwadi, chifukwa kulira kwake kunkamveka komboni yonse, amayi a nyumba zoyandikana n'kumabwera, uyu ndi nkhuni, uyu ndi kambale ka ufa, wina ndi chidutswa cha sopo. Sunthirani kuno kukhonde, mvula iyi sikata msanga, nyimbo zanu za kwaya mukaphunzira ikakata. Khalani pa matabwapo, koma musamale misomali.

Ine Lazaro Mbewe, amene mumandidziwa ngati nkhalamba yokhoma mabenchi a tchalitchi kuno ku Chimwemwe, sindinabadwire mu Kitwe muno ayi. Ndinabadwira ku Ndola, m'komboni ya anthu a ntchito ya njanji, kumene atate anafikira atachoka kwathu ku Katete. Tinasamukira kuno ndikadali kamwana koyenda chogwira chitenje cha amama, atate atapeza ntchito kumgodi, koma ndikatsinzina ndimaionabe komboni ija ngati m'tulo: tinyumba tofanana ngati mazira a nkhuku imodzi, utsi wa malasha ukukwawa pamadenga m'mamawa, ndi sitima ikulira kutali, kulira kwautali kosadziwika ngati ikubwera kapena ikupita.

Ndakalamba popanda wondifunsa kuti ndinabadwira kuti. Reji, chitupa cha boma chija, ndinali nayo, ntchito ndinagwira, ana ndinalera, mayi awo ndinawaika m'manda. Koma tsiku lina mwana wanga Tisauke, amene ndi namwino ku Botswana, anandiimbira foni.

"Atate, mwana wabadwa, wamwamuna, ndipo tamutcha dzina lanu. Bwerani mudzamunyamule maso anu akadaona."

Inu mukudziwa mmene maso angawa akuchitira chifunga. Sindinafune kuchedwa. Ndinavala jekete la Lamulungu, ulendo ku ofesi yopangira mapasipoti, ndipo kumeneko ndinapeza mtsikana waulemu kwambiri, amene anayang'ana mapepala anga n'kupukusa mutu pang'ono.

"Bashikulu," anatero, monga mmene anzathu achibemba amaitanira agogo, "reji yokha sikwana. Tikufuna satifiketi ya kubadwa, kapena kalata ya kuchipatala kumene munabadwira. Zikasowa zimenezo, mubweretse munthu wamkulu kuposa inu amene angalumbire kuti amadziwa za kubadwa kwanu."

Ndinaseka, ana inu, koma kunali kuseka kwa pakamwa chabe. Wamkulu kuposa ine? Atate anapita, amama anapita, amalume onse agona ku Katete. Masiku ano mwana asanatsegule maso amakhala atajambulidwa kale, khadi la kusikelo lili m'manja, koma ife otilemba athu anali anthu, ndipo anthu amatha.

Paja amati madzi saiwala khwawa. Ndinakwera minibasi ya ku Ndola, ndipo njira yonse ndinkangoyang'ana mitengo ikuthamangira kumbuyo, maganizo anga nawonso akubwerera nayo. Nditafika pamene panali komboni yathu, sindinapezepo nyumba ngakhale imodzi. Panali mipanda yaitali, malole akuluakulu atandandalika kudikira katundu, ndi mtengo umodzi wa mango umene unatsala pakona ngati mlendo wosiyidwa ndi basi. Ndinaima pansi pake nthawi yaitali, nditatsinzina. Mphepo inkagwedeza masamba, ndipo ndinkachita ngati ndikumva mitondo ikusinja ndi amayi akuitana ana m'chinyanja cha kwathu, koma nditatsegula maso panali mlonda yekha, akundiyang'ana ngati ndasokonezeka.

Kuchipatala sindinapiteko, chifukwa amama ankanena kuti ndinabadwira pamphasa, m'nyumba. Ndinapita ku tchalitchi kumene ankapemphera makolo anga. Mkulu wa mpingo ananditsegulira kabati, tinavundukula mabuku a ubatizo onunkhira fumbi, koma a zaka zathu anali atadyedwa ndi chiswe kalekale, masamba otsalawo akungofumbutuka m'manja. Ndinakhala pa benchi, ndipo chizolowezi cha ntchito chinandigwira, n'kuyamba kusisita thabwalo kuona ngati analipala bwino.

Mayi wina amene ankasesa m'tchalitchimo anaimika tsache n'kundiyandikira.

"Pepani abambo, ndamva nkhani yanu. Safunsa anadya phula. Ku Twapia, mu Ndola momwemuno, kuli agogo aNaphiri, anakhalako m'komboni ya njanji ija ali mtsikana. Maso anafa, koma mutu ukadali bwinobwino. Kafunseni kwa ogulitsa makala, palibe sawadziwa."

Ndinawapeza dzuwa litapendeka pang'ono, atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mapeyala, akusenda mtedza m'lichero, zala zikugwira ntchito zokha, nkhope itayang'ana kumwamba. Anali wochepa thupi ngati mwana. Ndinagwada, mawondo angawa akudandaula, ndipo ndinawapatsa moni.

"Mawu anuwa ndi a kwathu," anatero. "Ndinu a kwa yani?"

"Ndine mwana wa aMbewe a ku Katete, amene ankagwira ntchito ya njanji. Amama anali aNabanda."

Zala zija zinaima. Mtedza unagwa m'lichero.

"Nabanda uja ankaimba akamachapa? Sendera kuno. Sendera, iwe."

Ana inu, panali patapita zaka zambirimbiri munthu asananditche iwe. Ndinasendera, ndipo anandigwira nkhope ndi manja onse awiri, kusisita mphumi, makutu, imvi zangazi, pang'onopang'ono ngati munthu wosankha mbewu.

"Lazaro," ananong'ona. "Wakalamba iwenso?"

Ndinawafotokozera chimene ndinadzera, koma iwo ankaoneka ngati ali kutali, ndipo atayamba kulankhula ankalankhula ngati akuona zonse patsogolo pawo.

"Unabadwa m'mawa, mvula itagwa usiku wonse, inswa zili mbuu pabwalo, ana akuzitola m'zitini. Ine ndinali nditangokwatiwa kumene, khomo lathu loyang'anana ndi lanu, ndipo ndine ndinkatumidwa madzi otentha. Koma mai ako anadwala malungo aakulu, mkaka osatuluka, iwe n'kumalira mpaka mawu kutha. Ine ndinali nditangoika m'manda mwana wanga woyamba, kamtsikana, mawere ali odzaza, akuwawa. Amayi aakulu anakubweretsa kwa ine. Ndinakana, ndinatembenukira kukhoma, sindinkafuna kuona khanda lililonse. Koma anakugoneka pambali panga n'kutuluka, ndipo iwe unafunafuna wekha mpaka unapeza."

Anamwetulira.

"Unali wosusuka, Lazaro. Ndinakuyamwitsa mpaka mai ako anadzuka. Anthu amati ndinakupulumutsa, koma ine ndimadziwa amene anapulumutsa mnzake. Tsiku limene munasamuka ndinaima pa siteshoni mpaka utsi wa sitima unazimirira."

Mwina amama anandiuzapo zimenezi ndili wamng'ono, koma khutu la mwana ndi dengu, silisunga madzi. Ndinangokhala pamphasa paja, nkhalamba yathunthu ya zidzukulu, misozi ikutsikira m'ndevu, iwo akundisisita pamutu. Mwambi uja woti mwana wa mnzako ngwako yemwe ndinkaunena kawirikawiri polangiza anthu kumpingo, koma sindinkadziwa kuti moyo wanga womwe unapachikika pamenepo.

Tsiku lokalumbira agogo aNaphiri anavala bulauzi yoyera ya kumpingo ndi duku lake, mpongozi wawo atawagwira dzanja. Bwana wolumbiritsa anawafunsa mokweza mawu, poganiza kuti ndi ogontha.

"Agogo, bambo awa mumawadziwa bwanji?"

"Musakuwe, mwananga, ndikumva. Lembani kuti anabadwira ku Ndola, m'komboni ya njanji, ine ndilipo. Ndipo mulembenso kuti ndinamuyamwitsa."

Bwanayo anaseka n'kunena kuti papepalapo panalibe malo olembapo zoyamwitsa.

"Ndiye pepala lanulo ndi laling'ono," anatero agogo, n'kupereka chala chawo kuti achipake inki.

Pasipoti inatuluka, ndipo ndinayenda ulendo wautali wa basi mpaka ndinamunyamula Lazaro wamng'ono. Maso anga anamuona ndithu, tizala take, kamphumi kake kokwinyika ngati ka munthu woganiza za lendi. Nditabwerako sindinayambe ndafika kuno, ndinatsikira ku Ndola kukaona agogo aNaphiri. Chithunzi cha mwanayo sakanatha kuchiona, choncho anandiuza kuti ndimufotokoze kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo nditamaliza anafunsa chinthu chimodzi chokha.

"Akuyamwa bwino?"

Kuyambira pamenepo ndinkapita ku Twapia mwezi ndi mwezi. Ndinawakhomera kampando kotsamira kuti msana uzipuma, ndipo ndinkawatcha amama, iwo n'kumandikalipira ndikabwera wosavala juzi nthawi yozizira. Sanakhalitse. Mvula ya chaka chotsatira itayamba anagona tulo tosadzuka, ndipo pamaliro ana awo anandigwira dzanja n'kundikhazika pakati pawo, kunena kuti mkulu wawo wafika. Bokosi ndinakhoma ndine, ndi manja angawa.

Tsono ana inu, mukadzabereka, kalembetseni ana anu msanga, musadzawavutitse monga ndinavutikira ine, pepala ndi chinthu chabwino ndipo lili ndi ntchito yake. Koma mukafika kunyumba lero, ngati kuli wamkulu amene akadapuma, khalani naye pansi, foni muike kaye m'thumba, mumufunse kuti tsiku limene munabadwa kunja kunacha bwanji, ndani anatunga madzi, ndani anakunyamulani poyamba. Mufunseni akadatha kuyankha. Mwina pali munthu kwinakwake amene mumamudutsa pamsewu osamupatsa moni, chonsecho anakufungatiranipo inu musanadziwe dzina lanu.