Tsiku limene Tiyamike anayimba pakati pa khamu

Zaka zija tikukhala ku Barking, dera lina la kuno kwa azungu, inu musanabadwe, mayi anu Tiyamike anali mtsikana wosayankhula. Ndinamusiya ku Dedza ali wamng'ono ine pobwera kuno kudzasamalira okalamba, ndipo pamene ankanditsatira anali atakula kale m'manja mwa mchemwali wanga, moti m'nyumba tinkangopatsana moni ngati anthu okumana pa basi. Lero mumaonana pa foni ndi abale akumudzi, koma nthawi imeneyo mwana ankakula iwe ukungomva mawu ake apo ndi apo.

Analowa kwaya ya achinyamata, ndipo chilimwe china anandiuza, maso ali pansi, kuti akayimba pa chikondwerero cha nyimbo m'tauni, pamodzi ndi oimba zeze zachizungu, malipenga ndi ng'oma. Sanandipemphe kuti ndipite, koma ndinasinthana shifiti ndi mnzanga n'kupita.

Holoyo inali yaikulu, ana inu, yotentha, ndipo ine ndinayimirira m'khamu la anthu kutsogolo. Zoimbira zinalira, n'kuleka, n'kuyambanso, koma akwaya onse ali chikhalire, kukamwa kuli tseke. Ndinayamba kuda nkhawa kuti kapena awaiwala, poti kwathu kwaya ikafika imayimba basi. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha: chakumapeto anadzuka onse pamodzi, n'kuyamba chapansipansi m'Chijeremani, mpaka mawu aja anakula, ine kumva akunjenjemera m'chifuwa mwanga.

M'sitima pobwerera ku Barking, anandifunsa kuti, “Amayi, munandimva?”

“Pa anthu onse aja? Ayi mwanangu, sindikunamiza. Ndinangokuona ukupukuta manja pa siketi.”

Anaseka, kuseka kumene ndinali ndisanakumvepo. “Poyamba mawu anakana, ndimangoyasamula. Anzanga ndiwo anandinyamula.”

Kenako anatsamira paphewa panga n'kuyamba kuyimba mbali yake yekha, motsitsa, kuti ndiimve. Popanda anzake nyimboyo inkamveka yoperewera, yoduka-duka, pena ankaleka n'kumawerenga ndi chala podikira malo ake, koma ine sindinafune kuti sitima ifike.

Ndiye inu, mukadzakhala ndi ana anu, musamadikire kuti akuitaneni. Mwana wamanyazi akangotchula tsiku ndi malo, wakuitanani kale, valani nsapato muzipita.